Miyezi Itatu Kuchotsapo Tsiku Limodzi

Walsall, Lachisanu masana

Mwana wanga Takondwa,

Ndikulemba kalatayi iwe uli ku tauni ndi bambo ako kukagula zofunda ndi mapoto a nyumba yako yatsopano. Mawa m'mawa ukunyamuka kupita ku Newcastle kukayamba ntchito ya boma, ndipo ine mtima suli m'malo. Sabata ino ndayesa katatu kukukhazika pansi, koma nthawi zonse umandiyankha m'Chingelezi chako chija, maso ali pa foni, kuti ndisade nkhawa. Ndiye ndati ndilembe. Ndiika kalatayi m'sutikesi pakati pa majuzi ako. Ukafika uwerenge yonse, usadumphe pena, ngakhale Chichewa chikutopetse.

Za kupemphera, za kudya ndi za anyamata ndakuuza kale mpaka makutu ako anatopa. Lero nkhani ndi imodzi yokha, ndipo sindinakuuzepo.

Lamulungu lapitali tikudya unatiuza kuti mkulu wa gulu limene ukagwiremo anakuimbira foni, nanena kuti dzina lako ndi lovuta, choncho azikuitana Tia. Unanena ukuseka, bambo ako nawonso anaseka. Ine ndinadzuka kupita kukhitchini ngati ndikukatenga madzi. Mwina palibe kanthu, mwina munthuyo ndi wabwino amene lilime lake ndi lolemera chabe. Koma kuseka kwakoko ndinakuzindikira, mwana wanga, chifukwa ndi kuseka kwanga. Ndinasekapo chimodzimodzi tsiku lina mu ofesi ya bwana, ndipo mpaka lero ndikadali kumva kuwawa kwake.

Ndiyambe ndi lamulo, kuti ngati utope m'njira ukhale utamva chofunika. Kuno munthu akakusala pantchito chifukwa cha khungu lako, mtundu wako, chipembedzo chako, kapena chifukwa ndiwe mkazi, pali bwalo loweruza nkhani za pantchito, limene amati tribunal. Ngakhale amene wakulemba ntchito akhale boma lenilenilo, ungathe kukadandaula kumeneko. Koma sakudikira mpaka kalekale. Ali ndi malire awo: miyezi itatu kuchotsapo tsiku limodzi, kuwerengera kuyambira tsiku limene chinthucho chachitika. Chikachitika pa 10 Januwale, tsiku lako lomaliza ndi 9 Epulo. Ndipo usanafike ku tribunal uyenera kuyamba wadziwitsa bungwe loyanjanitsa antchito ndi mabwana awo, mkati mwa nthawi yomweyo. Ukatero ndi pamene amayamba aimika kaye kuwerenga masiku. Ndamva kuti lamuloli akulisintha kuti nthawi italikeko. Usadalire zimene ine ndamva. Ukafunse wekha, ndipo usanatsimikize uziwerenga miyezi itatu kuchotsapo tsiku limodzi.

Unali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene zinandichitikira. Ndinali nditagwira zaka zisanu ndi zinayi pa wodi ya okalamba, ndikukwera mabasi awiri m'mawa uliwonse. Malo a sisitala, amene amatsogolera manesi pa wodi, anatseguka. Ntchitoyo ndinkaigwira kale mashifiti ambiri sisitala akakhala kulibe, choncho ndinafunsira. Anatiyesa atatu. Anasankha mtsikana wachizungu amene anali atangotha zaka ziwiri chimalizireni sukulu ya unesi, amene ndinamuphunzitsa ineyo kuika dripu. Imelo yondiuza kuti sindinapambane inabwera m'mawa, ndipo masana ake manijala wa wodi yathu, mayi wina dzina lake Pauline, anandiitanira mu ofesi mwake. Anandipatsa tiyi. Anati ntchito ndimaidziwa kuposa aliyense, koma sisitala amayankhula kwambiri ndi abale a odwala, ndipo mabanja a kuno amamasuka ndi munthu amene akumveka ngati wakwawo. Kenako anandigwira dzanja nati, "Usakhumudwe, Agnes. Anthu a kwanu ndinu abwino kwambiri pa bedi la wodwala, koma kutsogolera ndi nkhani ina."

Kulakwa kwanga koyamba ndi kwakuti ndinaseka, ndikuthokoza, ndikumaliza tiyi uja. Ndinabwerera ku wodi kukagawa mankhwala a madzulo ngati palibe chachitika. Sindinalembe paliponse mawu amene ananena. Ndinkati mawu ngati amenewo munthu sangawaiwale, ndipo zoonadi sindinawaiwale, koma chimene chili m'mutu mwako chokha si umboni kwa azungu. Patapita miyezi, amene ankamva dandaulo langa ku chipatala anandifunsa ngati ndinalemba penapake tsiku lomwelo, ngati ndinauza mnzanga aliyense ndisanaweruke. Ndinalibe kanthu m'manja. Takondwa, chikakuchitikira chinthu chimene chakusiya ndi mtima wolemera, lemba tsiku lomwelo. Lemba deti, nthawi, amene analipo, ndi mawu enieni amene ananenedwa. Udzitumizire pa imelo yako ya kunyumba, osati ya kuntchito. Ngati chinali chopanda pake, sunataye kanthu. Koma lemba.

Kulakwa kwachiwiri ndi kwakuti ndinadikira. Ndinauza bambo ako, ndipo anakwiya kwambiri, koma nthawi imeneyo ankagwira ntchito m'nyumba yosungira katundu ndipo za matribunal sankazidziwa ngati mmene sindinkazidziwira ine. Anati tiyambe tapemphera. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ku Birmingham ndinakokera pambali Mayi Mbewe a ku Solihull, aja amuna awo amagwira ku fakitale ya magalimoto. Ndinkawalemekeza chifukwa anatitsogolera kubwera kuno ndipo anatilandira pamene tinalibe ngakhale bulangeti. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu nati, "Kwa eni kulibe mkuwe, mayi a Takondwa. Tinabwera kudzalera ana, osati kudzachita milandu." Sanali ndi mtima woipa, ananena zimene zinawapulumutsa iwowo. Ndipo ine ndinawamvera msanga chifukwa ndi zimene ndinkafuna kumva. Mapepala athu anali atakonzeka kale, palibe amene akanatithamangitsa, koma mantha a mlendo satha ndi pasipoti. Ndinkadziuzanso kuti mwina ndinamva molakwika, mwina Pauline sankatanthauza zimenezo, ndiyambe ndaonetsetsa. Ndionetsetse adathetsa nkhosa. Masabata asanu anapita ine ndikuonetsetsa.

Mwana wanga, upemphere, koma ukupemphera uziwerenga masiku. Anthu a kutchalitchi adzakukonda ndi kukudyetsa, koma si onse amene amadziwa lamulo la pantchito. Ndipo sikuti uyenera kutsimikiza kaye kuti wasalidwa usanafunse. Kufunsa si kuyamba ndewu ndi munthu.

Chimene chinanditulutsa m'tulo ndi sisitala watsopano uja. Sanali mwana woipa. Sabata iliyonse ankabwera kwa ine ndi rota, ndandanda ya mashifiti a manesi, kuti ndimuthandize chifukwa inkamusokoneza. Ndinkamukonzera pa nthawi yanga yopuma, iye n'kukaipereka kwa Pauline. Tsiku lina mwana wa wodwala wina, bambo wamkulu ndithu, anabwera kudzafunsa za amayi ake. Ndinamufotokozera zonse bwinobwino, iye anamva, anathokoza, nandifunsa ngati ndine sisitala wa pa wodipo. Ndinati ayi. Atachoka ndinalowa m'chipinda chosungiramo nsalu ndikutseka chitseko. Ngati bambo uja anandimva, ndiye mabanja amene sankandimva anali ati? Sabata yomweyo ndinalemba dandaulo langa ku ofesi yoona za antchito ya chipatala chathu, kalata imene amati grievance.

Kulakwa kwachitatu ndi kumene kunandipha, ndipo ndi kumene ndikuopera iwe kwambiri, chifukwa ndiwe mwana womvera malamulo ngati ine. Ndinaganiza kuti popeza ndadandaula mkati mwa chipatala, nkhani yanga yalowa m'njira ndipo palibenso chothamangira. Mayi wa ku ofesi ija anali waulemu kwambiri. Anandiyankha tsiku lomwelo, nati adzatiitana tonse pakatha masabata awiri. Tsikulo litayandikira anati Pauline ali pa tchuthi. Anaika tsiku lina, koma unali mwezi wa Disembala, wodi inadzaza ndi okalamba a chifuwa, ndipo anati tidikire Khirisimasi ipite. Kenako amene amayenera kumva nkhaniyo anadwala. Imelo iliyonse inkapepesa ndi kundithokoza chifukwa cha kuleza mtima kwanga, ndipo ine ndinkanyadira kuti akundiona ngati munthu wodekha. Palibe amene anandinamiza. Palibenso amene anandiuza kuti kunja kuno masiku a tribunal akuwerengedwabe. Kaya ankachita dala kaya ayi, mpaka lero sindidziwa, ndipo ndinasiya kudzifunsa chifukwa funsolo limandidwalitsa.

Pomaliza tinakumana mu Januwale. Pauline anati sakukumbukira kuti ananena mawu amenewo. Patapita masiku angapo kalata inabwera yonena kuti sanapeze umboni woti ndinasalidwa.

Tamvera, Takondwa, ndibwereze. Grievance siimika masiku. Apilo ya mkati siimika masiku. Bwana akakuuza kuti akuyang'anapo, masiku akuyendabe. Maofesi a boma ali ndi njira zambiri zokongola zodandaulira, mafomu ndi misonkhano ndi makomiti, ndipo udzazitsate ndithu chifukwa n'zofunika. Koma uzichita zonse ziwiri pamodzi. Dzanja lina likulemba grievance, dzanja lina lidziwitse bungwe loyanjanitsa lija nthawi isanathe. Adzakuuza kuti palibe chifukwa chofulumirira. Uwathokoze mwaulemu, ufulumire.

Kulakwa kwachinayi n'kochititsa manyazi, chifukwa thandizo linali m'chikwama mwanga nthawi yonseyi. Ndinali membala wa yuniyoni ya manesi, gulu lomenyera ufulu wa antchito, kadi yake ndinkayenda nayo pamodzi ndi ya basi. Sindinawaimbire chifukwa ndinkaona ngati yuniyoni ndi ya anthu ovuta, okonda sitiraka, ndiponso sindinkafuna kuti anthu ambiri adziwe kuti ndinalephera. Kalata ija itabwera ndi pamene ndinapita kwa woimira yuniyoni pa chipatala chathu, mayi wina dzina lake Harjit. Tinakhala mu kantini. Ndinayamba kufotokoza kuyambira pachiyambi, koma anandidula nandifunsa kuti zinachitika liti. Ndinati cha mu Okutobala. Anati akufuna tsiku lenileni. Ndinafufuza imelo ija yondikana pa foni ndikumusonyeza. Anatsegula kalendala, anawerenga ndi chala, anawerenganso kachiwiri. Kenako anaika foni pa tebulo pang'onopang'ono nati, "Agnes, wachedwa ndi masiku khumi ndi limodzi."

Ndinakayang'ana rota kuti ndione chimene ndinkachita pa tsiku langa lomaliza. Ndinali pa shifiti ya tsiku lonse. Ndinasambitsa odwala, ndinatsuka bala la gogo wina, ndinabwera kunyumba ndikukuchapirani mayunifolomu a sukulu. Tsikulo linadutsa ngati tsiku lina lililonse. Palibe belu limene limalira kukuchenjeza, mwana wanga, ndi chifukwa chake ndikuti lowa yuniyoni sabata yako yoyamba, udziwe dzina la woimira wanu ndi kumene amakhala, usanamufune.

Harjit anati tiyesebe, chifukwa lamulo limalola woweruza kulandira nkhani yochedwa akaona kuti n'chilungamo kutero. Tinatsatira njira zonse, ndipo patapita miyezi anatiitana ku Birmingham. Inu ana ndinakuuzani kuti ndikupita ku maphunziro a kuntchito. Ndinavala suti yanga yabuluu ya kutchalitchi. M'basi monse ndinkabwereza mumtima mmene ndikafotokozere za ofesi ija, za tiyi, za dzanja la Pauline pa dzanja langa. Palibe amene anandifunsa zimenezo. Tsikulo linali loona chinthu chimodzi chokha, ngati nkhani yanga ingalowe ngakhale inachedwa. Woweruza anali bambo wofatsa. Anandifunsa ngati ndinkadwala m'miyezi imeneyo, ndinati ayi. Anandifunsa ngati ndinali ndi intaneti kunyumba, ndinati inde. Anandifunsa ngati wina anandiuza kuti ndidikire grievance ithe ndisanapite kwina, ndipo ndinanena zoona kuti palibe. Kenako anati, "Munali membala wa yuniyoni nthawi yonseyi. N'chifukwa chiyani simunawafunse?"

Ndikanamuuza chiyani? Kuti kwathu mwana wolongosoka sasumira akuluakulu? Kuti ndinkaopa kuoneka wosayamika m'dziko limene linandipatsa ntchito? Ndinangoti sindinkadziwa. Iye anati akumvetsa, koma zifukwa zanga sizinali zokwanira. Ndamva kuti ena amawalandira atachedwa, zimatengera woweruza ndi nkhani yake, koma ine sanandilandire. Sitinathe ngakhale maola awiri. Mawu a Pauline sanamveke m'chipinda chija, ndipo palibe amene ananenapo kuti ndinkanama kapena ndinkanena zoona. Ndikanaluza atandimvetsera, bwenzi nditapola kalekale.

Ndinakhala pa siteji ndikusiya mabasi atatu a ku Walsall adutse. Nditafika kunyumba ndinakupeza pakhomo ukundidikira ndi kalata ya kusukulu, anali atakusankha kukhala kaputeni wa timu ya netiboli. Sindinaiwerenge. Ndinaona mbale ziwiri mu sinki ndikuyamba kukukalipira, ndinakunena kuti ndiwe waulesi, wosayamika, ndi zina zimene sindikufuna kulemba. Unapinda kalata ija ndikukwera kuchipinda osadya. Mwina unaiwala, koma ndikukayika, chifukwa kuyambira pamenepo nkhani zako zabwino unkayamba kuuza bambo ako. Sunalakwe kanthu tsiku limenelo. Ndinabweretsa kunyumba mkwiyo umene ndinalephera kupereka kwa eni ake. Pepa, mwana wanga. Zanditengera zaka zisanu ndi zitatu kuti ndinene.

Usamve ngati ndikuti ukalowe mu ofesi ndi nkhope ya ndewu, ukuona mdani pa desiki iliyonse. Ndagwira ndi azungu ambiri amtima wabwino, ena anandigwirira mashifiti pamene agogo ako anamwalira ku Dedza. Ukakonde ntchito yako, ukaseke ndi anzako, ukaphunzire. Mwina moyo wako wonse sudzafuna kanthu kalikonse ka m'kalatayi, ndipo ndi pemphero langa. Iwe unabadwira kuno, Chingelezi chako n'chofanana ndi chawo, ndipo nthawi zina ndimadzitonthoza kuti zimenezi zikuteteza. Kenako ndimakumbukira kuti khungu lako ndi langa lomweli, ndipo ukupita kutali kumene sindidzaona nkhope yako ukaweruka kuti ndidziwe ngati zinthu zili bwino. Pa foni udzangoti zonse zili bwino. Ndimakudziwa.

Chaka chatha pa chinkhoswe china ku Nuneaton ndinali kukhitchini ndi nesi wina wachitsikana wa ku Zomba, dzina lake Esnart. Tikudula anyezi anandiuza kuti atangonena kuntchito kuti ndi woyembekezera, anamuchotsa pa maphunziro amene anamulonjeza, namupatsa mnzake. Anati walemba grievance ndipo akudikira, akuti anthu ake ndi aulemu kwambiri. Ndinasiya mpeni ndikumufunsa tsiku. Tinawerenga pa foni yake ndi manja onunkha anyezi, ndipo anali atatsala ndi masiku asanu ndi limodzi. Anati aganize kaye, akambirane ndi mwamuna wake. Ndinamuuza nkhani yanga pomwepo, munthu woyamba wa kutchalitchi kuimva yonse. Lolemba m'mawa ndinamuimbira katatu mpaka anandiuza kuti wadziwitsa bungwe lija. Nkhani yake sinafike n'komwe kwa woweruza, anamubwezera malo ake pa maphunziro. Ndinasangalala naye titakumana kutchalitchi, koma ndikubwerera ku Walsall ndinalira m'galimoto, bambo ako osadziwa chochita.

Ndiye zikadzachitika, usadzandibisire poopa kundidetsa nkhawa. Nkhawa ndili nayo kale, sungandiwonjezere. Undiimbire ngakhale ndili pa shifiti, ndidzatuluka pa wodi. Sindidziwa malamulo ambiri, koma kuwerenga masiku ndinaphunzira. Lemba tsiku lomwelo, funsa yuniyoni sabata yomweyo, usadikire grievance. Miyezi itatu kuchotsapo tsiku limodzi.

Pali chinthu chomaliza, chimene ngakhale bambo ako sakuchidziwa. Ine ndinakhalabe pa wodi yomweyo, pansi pa Pauline yemweyo, chifukwa munali pa sukulu ndipo ndinalibe mphamvu zoyambiranso kwina. Zaka zitatu zapitazo anapuma pantchito. Anzanga anagula kadi yaikulu yotsanzikana naye, ikuyenda dzanja ndi dzanja, ndipo inandipeza pa desiki ya manesi anthu anayi akundiyang'ana, mmodzi atanditambasulira cholembera. Ndikanatha kunena kuti ndili otanganidwa. Ndinalandira cholembera chija ndikulemba kuti zikomo pa zonse, pansi pake dzina langa. Ndi dzanja lomweli limene likukulembera. Pa phwando lake anandikumbatira nati ndinali nesi wake wodalirika kuposa onse, ndipo ine ndinamwetulira pa chithunzi.

Ndinakulera kuti ukhale waulemu, ndipo sindikubweza mawu. Koma sindinawoloke nyanja, kusiya amayi anga akudwala, kuti mwana wanga adzathokoze munthu amene wamuponda. Ulemu umenewo uthere pa ine.

Ndamva galimoto yalowa pakhomo, ndipo sindikufuna undipeze ndi maso otere. Mulungu akutsogolere pa msewu wa mawa ndi pa khomo lililonse limene ukalowe.

Ndine mayi ako,
Agnes